Musanagule mpando wa mwana, pisani kaye dzanja kumpando wakumbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga amene ali ndi galimoto, kaya ndi kakang'ono ngati kanga, pa nkhani imene ine ndinaidziwa mwana atavulala kale.

Mu June chaka chatha tinkachokera ku Limbe kubwerera kwathu ku Luchenza. Mayi a kunyumba anakhala kumbuyo atafungatira mwana wathu wamkazi pamiyendo, panthawiyo ali ndi miyezi 7. Kunali chiperoni, msewu uli woterera. Titangopitirira msika wa Bvumbwe, mnyamata wa kabaza anangotulukira mumsewu ndi njinga yake yamoto, ine n'kuponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse. Sitinagunde kanthu. Koma mwana anapulumuka m'manja mwa amayi ake, n'kukamenyetsa mphumi kumbuyo kwa mpando wanga, n'kugwera pansi popondera. Anakhala kanthawi osalira. Nditatembenuka ndinaona kasokosi kake kamodzi katatsalira m'dzanja la amayi ake. Atayamba kulira m'pamene ndinapuma. Kuchipatala anati ndi chotupa chabe, koma namwino wina wachikulire anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Bambo, mukanagunda, mwanayu tikanakamutola kuti?"

Mkazi wanga anali atamugwira ndi manja onse awiri, mwamphamvu, ngati mmene mayi aliyense amagwirira mwana wake. Vuto si iye ayi. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu cholimba, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10, ndipo palibe mkono wa munthu umene ungagwire mwana pa mphamvu yoteroyo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mipando ya ana imatha kuchepetsa imfa za makanda pangozi ndi 71 peresenti.

Sabata yomweyo ndinathamangira kugula. Ndinaona pa Facebook wina akutsatsa timipando ta nsalu tokhala ndi siponji pang'ono ndi zingwe zomangirira kumsana kwa mpando wa galimoto, totchipa, tokongola, tamitundumitundu. Ndinalipira, anandituma nako pa minibasi. Safunsa anadya phula. Makaniko amene amandikonzera galimoto atakaona anakakoka ndi dzanja limodzi, ulusi n'kuyamba kuthetheka. Anati, "Achimwene, aka n'kokhalirapo podyera phala, osati ka pamsewu." Kenaka anatsegula chitseko chakumbuyo cha Vitz yanga n'kundiuza kuti ndipise zala pamene msana wa mpando umakumana ndi pokhalira.

Ndinapisa. Ndinatulutsa makoko a mtedza, kachitsulo ka K10 ndi chisa cha mwana chimene tinachifuna mwezi wathunthu. Nditalowetsa zala mkati pang'ono, ndinakhudza kachitsulo kozizira, konenepa ngati pensulo, kopingasa, kosagwedezeka. Pambali pake, pamtunda wa masentimita 28, panali kena kofanana nako. Galimoto ndinali nditakhala nayo zaka zitatu osadziwa kuti muli zimenezi.

Tizitsulo timeneti dzina lake ndi ISOFIX. Ndi towotcherera ku thupi la galimoto lenilenilo, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi, kugwira mpando wa mwana. Tinayamba kuoneka mu 1997 m'galimoto ya Volkswagen Golf, ndipo ku Japan, kumene kumachokera magalimoto ambiri amene timayendera kuno, malamulo anayamba kukakamiza kuti magalimoto atsopano azikhala nato kuyambira mu July 2012. Yanga ndi ya 2013, n'chifukwa chake tilimo. Ena akale kuposa pamenepo alinso nato, ena alibe, ndiye osadalira chaka chokha. Pisani dzanja. Nthawi zambiri timakhala pamipando iwiri ya m'mbali mwa zitseko, osati wapakati, ndipo pansalu pamakhala kabatani kozungulira kapena kansalu kolembedwa kuti ISOFIX.

Mpando wa mwana wa mtundu umenewu uli ndi timikono tiwiri tachitsulo kumbuyo kwake. Mukatikankhira patizitsulo tija timaluma n'kumveka kuti khethe, ndipo kachizindikiro kamene kanali kofiira kamasanduka kobiriwira. Ziwone mbali zonse ziwiri, chifukwa tsiku loyamba ine mbali imodzi inaluma, ina ayi, ndipo mpando unkaoneka ngati wakhazikika. Palinso pachitatu pamene ambiri amaiwala. Mipando ina ili ndi chingwe chochokera pamwamba chimene chimakakolekedwa kumbuyo kwa mpando wa galimoto kapena m'buti, pakachitsulo kojambulidwa nangula. Ina ili ndi mwendo wotsikira pansi. Ntchito ya chingwecho kapena mwendowo ndi kuletsa mpando kugwadira kutsogolo pangozi. Musakoleke chingwecho pamphete zomangirira katundu m'buti, chifukwa sizinapangidwire mphamvu imeneyo. Mwendonso usaponde pachivindikiro cha kabokosi kosungiramo zinthu kamene magalimoto ena ali nako pansi popondera.

Ndisanamizire apa. Mpando womangidwa ndi lamba wa galimoto, ukamangidwa bwino monga mwa malangizo ake, umatetezanso mwana. Ubwino wa ISOFIX ndi wakuti n'kovuta kulakwitsa. Lamba uja umatha kumudutsitsa polakwika, kumupotokola, kapena kumusiya wolefuka, makamaka m'mawa ukuthamangira kuntchito mwana akulira.

Kusankha mpando weniweniwo kunanditengera Loweruka atatu ku Limbe ndi ku Blantyre. Chimene ndinkayamba kuyang'ana ndi kapepala komata ka mtundu wa olenji, kumbuyo kapena kunsi kwa mpando. Pamakhala chilembo cha E mkati mwa kabwalo pamodzi ndi nambala ya dziko limene linavomereza mpandowo, monga E1 ya Germany kapena E4 ya Netherlands. Pamalembedwanso lamulo limene unayesedwera. Lakale ndi R44/04, limene limayendera kulemera kwa mwana, mwachitsanzo kuyambira kubadwa mpaka makilogalamu 13, kapena 9 mpaka 18. Latsopano ndi R129, limene ena amati i-Size, linayamba mu 2013. Ili limayendera msinkhu wa mwana m'masentimita, ndipo mpando wake umayesedwanso pangozi yogundidwa cham'mbali. Ine ndinkayenda ndi kabuku ka kusikelo m'thumba kuti ndisamaganizire kulemera kwa mwana. Mipando yochokera ku America ilibe kapepala ka olenji, ili ndi zolemba zawo za FMVSS 213, ndipo tizitsulo tomweto kumeneko amati LATCH. Koma mpando wopanda cholembedwa chilichonse, ngakhale ukongole bwanji, usiyeni pomwepo.

Ya kaunjika ndinaiona yambiri, ndipo sindinyoza kaunjika, ndi amene akutiveka tonsefe. Koma mpando wa mwana si jekete. Umene unachitapo ngozi umatha kuoneka bwinobwino kunja uli wothyoka mkati. Pamalo ena ndinapempha kuti ndivule nsalu yake, ndipo ndinapeza kuti chofewa choyera chija, chonga chimene chimabwera m'makatoni a TV, chinali chosweka pakati, wina atachimata ndi tepi, penipeni pamene pamatsamira mutu wa mwana. Wina chomangira chake chinkangomasuka ukachikoka pang'ono. Yang'anani ming'alu, malo amene pulasitiki yatuwa chifukwa chopindika, malamba othetheka, ndiponso chaka chimene unapangidwa, chimene chimadindidwa kunsi. Ngati ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwino uchokere kwa munthu amene mukumudziwa, woti angakuuzeni zoona za mbiri yake.

Pomaliza ndinagula watsopano, pamtengo umene ndikanagulira matayala awiri. Zinandipweteka m'thumba, sindibisa. Ndisanalipire ndinapempha wogulitsa kuti tituluke nawo tikauyese m'galimoto, ndipo anavomera. Zinathandiza, chifukwa woyamba umene ndinaukonda unali waukulu moti mpando wakutsogolo unayenera kukankhidwa mpaka mawondo a wokhalapo kugunda dashibodi.

Nkhondo ina inali kunyumba. Apongozi anga ataona mdzukulu wawo wamangidwa, wayang'ananso kumbuyo, anakhumudwa kwambiri. "Mwana kumumanga ngati mbuzi yopita kumsika, amayi ake ali pomwepo? Ndiye azikaona chiyani kumbuyoko?" Ndinakhala nawo pakhonde n'kuwapempha kuti akumbukire mmene amagwirira khosi la khanda polisambitsa. Mutu wa mwana ndi wolemera, khosi lake n'lanthete. Akayang'ana kutsogolo, pangozi mutu umaponyedwa, khosi lokha n'kusenza zonse. Akayang'ana kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimatsamira pampando nthawi imodzi, ngati mwana woberekedwa bwino ndi chitenje. Lamulo la R129 limati ayang'ane kumbuyo mpaka atakwanitsa miyezi 15, ndipo ku Sweden makolo ambiri amapitiriza mpaka zaka zinayi. Amayiwo anangoti, "Chabwino, bambo, inu ndi amene mumadziwa za magalimoto." Lero ndi iwo amene amandifunsa ngati paoneka pobiriwira tisananyamuke. Mpando woyang'ana kumbuyo musauike kutsogolo pamene pali airbag (thumba la mpweya limene limafufuma pangozi) yogwira ntchito, chifukwa ikaphulika imamenya mpandowo kumene kuli mutu wa mwana.

Ife a ku Thyolo ndi Mulanje tili ndi vuto lathu la nyengo. Kukazizira timaveka ana majekete okhuthala, ndipo malamba amaoneka othina pamene akungofinya thonje. Muvuleni jekete, mumangeni mpaka malamba asatheke kutsinika ndi zala paphewa, kenaka mumufunditse bulangete pamwamba. Mu October chitsulo cha chomangira chimatentha moti chingathe kuwotcha ntchafu ya mwana, ndiye ndikaimika galimoto padzuwa ndimaphimba mpandowo ndi chitenje.

Ndikudziwa kuti anthu ambiri kuno amayenda pa minibasi ndi pa kabaza, ndipo zimene ndalembazi sizikuwafika. Zimenezi zimandiwawa. Koma amene tili ndi magalimoto tikuchuluka, ndipo tsiku lililonse pamsewu wa Luchenza ndimaona ana ataimirira pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, ena ali pamiyendo ya dalaivala. Ndikupempha a Malawi Bureau of Standards kuti aike maso pa mipando ya ana imene ikulowa m'dziko muno, a Road Traffic aiphatikize nkhaniyi pophunzitsa ofuna laisensi, ndipo azaumoyo aziitchulako kusikelo, kumene mayi aliyense amafikako.

Mchemwali wanga wa ku Chonde akuyembekezera mu March, ndipo ndinamulonjeza kuti ndimuthandiza kupeza mpando. Lamulungu lapitali ndinakapisa dzanja m'galimoto ya alamu anga, ya 2006, mbali zonse ziwiri, ndipo tizitsulo mulibe. Iwo tidzawafunira womangira lamba, ndipo ndawauza kuti tsiku loumanga koyamba ndidzakhalepo.

Ine wanu,
Bambo wa mwana mmodzi,
Luchenza, Thyolo