Sikelo ikaima pambuyo pa opaleshoni yochepetsa chifu, musadzimane chakudya

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi abale athu a kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amene anapita ku India kapena ku South Africa kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu pofuna kuthana ndi kunenepa kwambiri, shuga ndi BP. Dandaulo lawo limakhala limodzi: masabata awiri oyamba thupi linatsika mosangalatsa, kenako sikelo inangoti zii. Munthu amene anagulitsa malo kapena kutenga ngongole kuti alipire ulendowo amayamba kuganiza kuti ndalama zalowa m'madzi, ndipo amathamangira kudzimana chakudya kapena kugula tiyi wochepetsa thupi wotsatsidwa pa WhatsApp. Zonse ziwirizi n'zimene zimawononga opaleshoni yomwe inayenda bwinobwino.

Kuima koyamba kumabwera cha m'sabata yachitatu, ndipo pafupifupi aliyense kumamupeza. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa limodzi ndi madzi okwana magalamu atatu. Munthu akamangomwa zamadzimadzi atangochoka ku opaleshoni, nkhokwe imeneyi imatha, madzi akenso n'kutuluka. Makilo ambiri amene amagwa poyamba paja ndi madzi amenewa. Mukayamba phala ndi zakudya zofewa, thupi limadzazanso nkhokwe ija pamodzi ndi madzi ake. Mafuta akupitirira kusungunuka, koma madzi obwerera akuphimba nambala ya pa sikelo. Palibe choti mukonze pamenepa. Zimatenga sabata imodzi kapena itatu, kenako kutsika kumayambiranso.

Ndi bwinonso kudziwa pamene ulendowu umathera. Pa opaleshoni ya sleeve amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Pa bypass amapanga kathumba kosaposa dzira, n'kukalumikiza kumatumbo molambalala gawo lina. Mwa njira zonse ziwiri, anthu ambiri amataya pakati pa 25 ndi 30 peresenti ya kulemera kwawo, ndipo zimatenga miyezi 12 mpaka 18. Amene analowa m'chipatala ali ndi makilo 130 ayembekezere kudzakhazikika cha pa 91 mpaka 98, osati pa 65 amene anali nawo ali ku sekondale. Miyezi itatu yoyamba ndiyo yothamanga. Ikadutsa miyezi isanu ndi umodzi, kutaya kilo imodzi kapena awiri pamwezi si tsoka, chifukwa thupi locheperako limatenthanso chakudya chochepa kuposa kale. Amayi, anthu achikulire, ndi odwala shuga amatsika pang'onopang'ono kuposa abambo achinyamata, choncho musadziyerekeze ndi mnzanu amene munagona naye wodi imodzi.

Nkhani ya sikelo nayo. Lero mwakwera ya kuchipatala mutavala nsapato ndi juzi chifukwa cha chiperoni, mawa mwakwera ya mnyamata wa pamsika wa Luchenza mutangomwa madzi, mkuja ya kunyumba yomwe yakhala pa simenti yopendekeka. Nambala zitatuzi sizingakuuzeni kanthu. Kwerani sikelo imodzi, kamodzi pa sabata, m'mawa mutapita kuchimbudzi musanadye, ndipo lembani m'kope. Pezaninso tepi ya atelala muziyeza m'chiuno modutsa pamchombo kamodzi pamwezi. Kawirikawiri sikelo ikaima tepi imakhala ikuyenda, ndipo lamba kapena chitenje zimachitira umboni. Kuima kwenikweni ndi pamene sikelo ndi tepi zonse sizinasunthe kwa masabata anayi kapena kuposerapo. Pamenepo ndiye muyambe kufufuza.

Malo oyamba kufufuza ndi m'kapu, osati m'mbale. Chifu chochepetsedwa chimakana ntchafu ya nkhuku, koma zamadzi zimangodutsa osaima. Ife a dera lino tiyi ndi wathu, ndipo ambiri samuwerengera ngati chakudya. Kapu ya masupuni atatu a shuga, kanayi pa tsiku, ndi masupuni 12, pafupifupi makalole (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 200 omwe simunawamve n'komwe m'mimba. Onjezani thobwa la kwa apongozi, maheu a m'botolo, Sobo, ndi juwisi wa chinanazi cha ku Mulanje amene amaoneka ngati wosalakwa chifukwa ndi chipatso. Munthu angathe kumwa theka la chakudya cha tsiku lonse akulumbira kuti sakudya kanthu, ndipo sakunama dala. Zakumwa za gasi ndi mowa zisiyeni. Mowa makamaka umalowa m'magazi mofulumira kwambiri pambuyo pa bypass, moti botolo limodzi limaledzeretsa ngati angapo.

Chachiwiri ndi kutolatola. Popeza mbale yaikulu simungaimalize, dzanja limaphunzira kutenga pang'onopang'ono tsiku lonse: chitumbuwa theka, bisiketi woviika mu tiyi, mtedza wokazinga m'thumba la jekete, kachidutswa ka mandasi a mwana. Zinthu zofewa ndi zokhukhuta zimasungunuka msanga ndipo sizikhutitsa. Zina ndi zabwino ndithu koma n'zolemera. Mtedza wodzaza chikhatho, magalamu 30, uli ndi makalole pafupifupi 170, ndipo makadamiya wathu wa ku Thyolo amafika 200. Peyala limodzi lapakati limaposa 200. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ndi 120, ndiye ganizirani mmene ndiwo zathu zimasambira. Sitikuletsa peyala, koma likhale kota, osati lonse. Kuti mugwire wakuba, lembani chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku atatu, limodzi likhale Loweruka kapena Lamulungu, ndipo mulembe nthawi yomweyo, osadikira madzulo.

Tsono chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kudya moperewera nakonso kumaimitsa sikelo. Thupi likasowa zakudya zomanga thupi limadya minofu yake, ndipo minofu ndiyo ng'anjo yotentha chakudya. Mumafooka, mumasiya kuyenda, tsitsi limathothoka kuposa mmene limachitira kale pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo madzulo njala imakukankhirani ku zotsekemera. Mukufunika magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni, zomanga thupi zija, pa tsiku, ndipo simukufunika kugula zitini zodula za mapuloteni ku Blantyre. Dzira limodzi limapereka 6. Kapu ya mkaka kapena chambiko chosathira shuga ndi 8. Nyama ya nkhuku yophika ya magalamu 100 ndi pafupifupi 30. Kapu ya nandolo wophika ndi 11, ngakhale kuti chifu chaching'ono chimalandira theka lake. Usipa ndi matemba ouma ndi chuma chenicheni pankhaniyi, monganso soya pisi. Poyamba muzisinja usipawo n'kuthira m'phala kapena mu msuzi kuti minga isavute. Mazira awiri m'mawa, chambiko chapakati, nsomba masana, nkhuku madzulo, mwafika kale.

Dongosolo la m'mbale litembenuke. Tinakula tikudziwa kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zoperekeza. Panopa yambani ndi ndiwo ya nyama, nsomba, dzira kapena nyemba, mutsatize masamba, nsima ibwere pomaliza, mbamu ziwiri kapena zitatu ngati malo atsala. Nsima, mpunga, chinangwa ndi buledi zimadzaza kachifu kaja osasiya mpata wa zomanga thupi, ndipo kwa ena zimakhala pachifuwa ngati mwala. Idyani katatu pa tsiku, mwina ndi kachakudya kamodzi kapena kawiri kokonzeratu, pa kambale ka mwana. Tafunani mpaka chakudya chikhale ngati phala, mutenge mphindi 20 mpaka 30, ndipo zikatha chotsani mbale. Musamwe madzi mukudya kapena mphindi 30 mutadya, chifukwa amatsuka chakudya n'kubweza njala msanga. Koma pakati pa zakudya muzimwa pang'onopang'ono mpaka lita imodzi ndi theka kapena malita awiri. Madzi ochepa ndi mapiritsi a ayironi zimabweretsa kudzimbidwa, ndipo m'mimba momangika masiku anayi mumasunga kulemera kumene sikelo imawerenga. Papaya, therere ndi masamba zimathandiza. Zikakanika funsani mankhwala ofewetsa kuchipatala, osati zitsamba zotsegula m'mimba.

Ena amalangizana zobwerera ku zamadzimadzi masiku asanu ati kuti chifu chifinyikenso. Chifu si juzi yoti ifupike ndi madzi otentha. Makilo amene amagwa masiku amenewo ndi madzi aja tanena, ndipo amabwerera. Tiyi wochepetsa thupi naye amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, zomwe n'zoopsa kwa munthu amene akulimbana kale kuti amwe madzi okwanira.

Pa zolimbitsa thupi, masabata asanu ndi limodzi oyamba musanyamule zolemera, ndipo kumbukirani kuti chigubu cha malita 20 ndi makilo 20. Kuyenda ndiye yambani msanga, mpaka mufike mphindi 150 pa sabata. Zitunda sitisowa kuno. Njira za m'mphepete mwa minda ya tiyi zimakwana. Dokotala akakulolani, onjezani ntchito yolimbitsa minofu kawiri pa sabata, kaya kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi katatu, kaya khasu.

Pali mankhwala ena amene amakoka thupi kuti linenepe: insulin, prednisolone, amitriptyline, jakisoni wa Depo, komanso kwa ena ma ARV okhala ndi dolutegravir amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Musasiye panokha ngakhale amodzi mwa mankhwalawa, koma auzeni adokotala kuti munachitidwa opaleshoni imeneyi. Amene mukumwa ma ARV amenewa samalani: mapiritsi a kashiamu ndi ayironi amawalepheretsa kulowa bwino m'magazi mukamwera limodzi m'mimba mopanda kanthu, choncho funsani ku ART nthawi yoyenera kumwa chilichonse. Kashiamu ndi ayironi nazonso zitalikirane maola awiri, ndipo ayironi asatsikire tiyi, chifukwa tiyi amamumanga. Brufen ndi diclofenac zimaboola zilonda m'chifu chosokedwa, monganso fodya. Amayi adikire miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndipo pambuyo pa bypass mapiritsi olera sadalirika. Lupu kapena ka pamkono ndi bwino.

Kwa achibale tili ndi pempho. Kwathu kuno munthu akawonda timayamba kunong'onezana, ndipo pamaliro kapena paukwati amayi amamuunjikira mbale n'kumati, "Idyani achimwene, mwatha bwanji chonchi?" Akasiya nsima yatheka musamuyese wonyoza. Mpatseni dzira kapena nsomba, mumusiye adye mwa nthawi yake.

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kope kapena kudikira. Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo kumatha vitamini B1 m'thupi, ndipo munthu akayamba kusokonezeka mutu, kudzandira, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena dzanzi m'miyendo, apite kuchipatala tsiku lomwelo n'kunena za opaleshoniyo asanamuike diripi ya shuga, pakuti shuga wopanda B1 amakulitsa vutolo. Chimodzimodzi kupweteka kwambiri m'mimba, mtima kuthamanga ndi kutentha thupi, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kulephera kumeza ngakhale madzi. Ululu wa kumanja pansi pa nthiti mutadya zamafuta ungakhale miyala ya m'ndulu, yomwe imakonda kubwera thupi likatsika mofulumira. Odwala shuga amene akunjenjemera ndi kutuluka thukuta aunikitse mlingo wa mankhwala awo, chifukwa wakale uja ungakhale utakula.

Ngati chaka chatha ndipo simunataye ngakhale 20 peresenti ya kulemera kwanu, kapena mwayamba kukweranso mwezi ndi mwezi, lumikizanani ndi dokotala amene anakuchitani opaleshoni. Angafune kuunika kukula kwa chifu, kapena kuwonjezera mankhwala ochepetsa thupi monga semaglutide. Sungani m'buku lanu la kuchipatala kalata yonena mtundu wa opaleshoni, kuti kaya mwafika ku Malamulo, ku Mulanje Mission kapena ku Queens, okuonani adziwe chimene chili m'mimba mwanu. Magazi ayezedwe pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako chaka chilichonse, kuona kuchuluka kwa magazi, ayironi, B12, vitamini D ndi kashiamu. Mavitamini ndi a moyo wonse, ndiye gulani ena botolo lisanathe.

Anamwino ndi alangizi a kadyedwe,
Thyolo