Tisathamangire kupala penti pa felemu yakale ya njinga

Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga amene akusunga mafelemu akale a njinga za mpikisano, aja opangidwa pamanja ndi amisiri, chifukwa ambiri akufafaniza mbiri ya njingazi asanaidziwe n'komwe. Munthu akangopeza felemu ya dzimbiri amathamangira kukaipala, kuipaka penti yatsopano ndi kumatapo masitika a dzina lotchuka, ndipo zikatero umboni wa amene anaipanga umatayika.

Dzina lomatidwa pa felemu si loyenera kulikhulupirira msanga, pakuti masitika a Colnago kapena Bianchi, makampani otchuka opanga njinga a ku Italy, aliyense angathe kuwagula. Wofufuza ayambe ndi kutembenuza felemuyo chagada n'kuyang'ana pansi pa chitsulo chimene mumadutsa ekiselo ya mapedulo, poti ambiri ankadinda nambala pamenepo. Amisiri ang'onoang'ono ankalemba manambala aliyense mwa njira yake, ena ankaibisa pa paipi ya foloko imene imalowa m'kati mwa felemu, ndipo ena sankadinda kalikonse. Chitsulo chomwechi chiyezedwenso. Muyezo wa ku England ndi mamilimita 68 m'lifupi, wa ku Italy ndi mamilimita 70 ndi mazinga a mamilimita 36, pamene amisiri a ku France ankagwiritsa ntchito mazinga a mamilimita 35. Felemu ya dzina la ku Italy ikakhala ndi mazinga a ku France, mwini wake ayenera kukayikira.

Zaka za felemu zimaonekera kumbuyo, pa mpata umene pamakhala gudumu. Mamilimita 120 ndi a nthawi ya magiya asanu, 126 ndi a magiya asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo 130 anabwera ndi magiya asanu ndi atatu. Apa pamafunika kusamala, chifukwa eni ena ankakanula felemu kuti gudumu latsopano lilowe. Zipangizo za Campagnolo, kampani imene Tullio Campagnolo anayambitsa ku Vicenza mu 1933, zimathandizanso, popeza chaka chinkadindidwa pa manati a habu ndi pa chosinthira magiya chakumbuyo, komabe zipangizo zimasinthidwa ndipo sizingakhale mboni pazokha.

Chimene ine ndimachiona chamtengo wapatali ndi ma lug, tizitsulo tija timene timavala nsonga za mapaipi polumikiza. Mmisiri ankatisema ndi tupa, n'kutisalaza mpaka m'mphepete mwake mupyapyale, kenaka n'kusungunulira mkuwa kapena siliva m'katimo. Mukayendetsa chala pamenepo mumamva ngati chitsulo chikutsetsereka bwino kulowa mu paipi kapena ngati chasiya zizindikiro za ntchito yothamangira. Amisiri ambiri ankagula ma lug a Nervex ochokera ku France, motero maonekedwe okhawo satchula dzina la munthu, koma kasemedwe kake ndi mmene mapaipi akumbuyo akuthera pansi pa chishalo zimasiyana mmisiri ndi mmisiri. Hetchins wa ku London ankadziwika ndi mapaipi akumbuyo opindikapindika, ndipo Ernesto Colnago ankaboola chizindikiro chake cha kalabu ya pa makadi m'chitsulo chenichenicho. Zonsezi chopukusira cha magetsi chimazidya m'kanthawi kochepa, ndipo penti yokhuthala imakwirira zotsalazo.

Sitika yosonyeza mtundu wa mapaipi a felemu nayo, ngakhale itang'ambika, isachotsedwe. Reynolds 531, mtundu wa mapaipi achitsulo a ku Birmingham, inayamba kupangidwa mu 1935 ndipo inakhalapo zaka zambirimbiri, kotero dzina lokha silitchula chaka, koma kalembedwe ka sitikayo kankasintha ndipo odziwa amakazindikira.

Pempho langa n'lakuti aliyense amene ali ndi felemu yotere ayambe waitsuka ndi sopo, aipukute ndi kansalu ka mafuta, ajambule nambala, ma lug ndi zilembo zotsala, ndipo alembe miyezo yonse papepala. Afunsenso amene anamugulitsa kuti iyeyo anaipeza kwa yani, nthawi ikadalipo. Mabungwe ngati Veteran-Cycle Club a ku Britain ali ndi anthu amene amasunga kaundula wa amisiri osiyanasiyana, ndipo iwo amafuna zithunzi za felemu imene sinapalidwe kuti athe kuyerekeza ndi zimene ali nazo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda njinga zakale