Zikomo potitulutsa msanga, titakonzeka

Kwa Mkulu wa Chipatala, madokotala ndi anamwino a m'chipinda cha makanda odwala,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha mmene munatitulutsira m'chipatala ine ndi mwana wanga, amene anabadwa masabata 37 asanakwane, sikelo yake isanafike n'komwe makilogalamu awiri.

Achibale atamva kuti tikutuluka mwana akadali wochepa choncho, ena ankanong'ona kuti mwina bedi likufunidwa ndi wina. Adokotala sanabise mawu. Anati iwo sayang'ana sikelo yokha ayi. Amaona ngati khanda likuyamwa kapena kumwa mkaka wofinya popanda kachubu ka m'mphuno, ngati kutentha kwa thupi kukukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5 lili kunja kwa makina ofunditsira makanda, ngati silikudukiza kupuma, komanso ngati sikelo ikukwera masiku otsatizana. Anatinso khanda likakhalitsa pakati pa odwala limatha kutolerapo matenda ena.

Koma chimene ndikuthokoza kwambiri ndi kuleza mtima kwa anamwino potiphunzitsa njira ya kangaroo. Sanangotiuza pakamwa. Ankaima pambali ine ndikuika mwana pachifuwa, khungu kukhudza khungu, mutu utapendekera mbali kuti azipuma bwino, mpaka manja anga atasiya kunjenjemera. Bambo akenso sanawalekerere, anawavula malaya n'kuwamangirira mwanayo, iwo akuchita manyazi. Mmodzi wa anamwinowo anatiuza kuti njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pomwe Dr Edgar Rey ankasowa makina okwanira ofunditsira makanda, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti iziyambika mwana akangobadwa, kwa maola 8 mpaka 24 pa tsiku. Maolawo ndi otopetsa, msana umadziwa, koma mwana amagona tulo tabwino.

Munatilemberanso zizindikiro zoti tikaziona tisadikire kuti kuche: kukana bere, kuzizira, chikasu, kukomoka, kapena kupuma kopitirira ka 60 pa mphindi. Tsiku lobwerera kusikelo munatipatsiratu, ndipo titafika mwana munamuyeza mofatsa ngati akadali m'manja mwanu.

Pempho langa ndi loti maphunzirowa muziwachitanso madzulo, kuti abambo amene amakhala kuntchito masana asamaphonye.

Ine wanu woyamikira,
Mayi wa khanda limene munalisamalira