Lipoti la nthumwi zimene zinakayendera sukulu zogonera komweko

Apampando, a komiti ya thumba la maphunziro kuno ku Ntcheu, makolo ndi nonse osunga ana, zikomo.

Munatituma kukayendera sukulu zitatu zimene zapereka malo a Fomu 1 kwa ana amene thumba lathu likuwalipirira, kuti msonkhano uno ugamule kumene aliyense apite. Ana onse atatu, atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi, anasankhidwira ku sekondale ya boma yogonera komweko zotsatira za mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) zitatuluka. Atsikanawa anakhozanso mayeso olowera ku sukulu ya atsikana ya mishoni, ndipo mnyamatayu sukulu ina yapulayiveti yamulonjeza kuti azilipira theka la fizi. Mayina a sukuluzi ali ndi alembi. Poti lipotili liikidwa pa intaneti kuti abale athu a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg amene amasonkha nawo aliwerenge, tizingoti ya boma, ya mishoni ndi yapulayiveti.

Maganizo athu ndi awa: atsikana apite ku mishoni, mnyamata apite ku sukulu ya boma, ndipo yapulayiveti tiithokoze mwaulemu. Chimene chatifikitsa pamenepa si zotsatira za mayeso zomata pageti ayi, koma madzi, chakudya, malo ogona, ndi mmene thumba lingapiririre materemu 12.

Tinadikira dala kuti sukulu zitsegulire, a Fomu 2 mpaka Fomu 4 afike. Patchuthi hositelo imakhala yosesasesa, pampopi palibe mzere, khitchini ndi yozizira. Ungayende tsiku lonse osaona kanthu. Paliponse tinkafika nkhomaliro isanakwane, n'kupempha ahedi kuti tiyambire kuhositelo, kuzimbudzi ndi kukhitchini, kuofesi tibwereko pomaliza. Amayi amene tinali nawo ndiwo ankalowa kwa atsikana ndi kucheza nawo aphunzitsi ali patali.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa mpamene sukulu ziwiri zoyambazi zasiyanirana kwambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa pasukulu yogonera komweko amafunika malita 20 patsiku, kutanthauza kuti sukulu ya ana 400 ifunika malita 8,000. Thanki imodzi ya malita 5,000, ngakhale ioneke yaikulu pamwamba pa nsanja, siifikitsa tsiku. Ndiye funso lofunsa si lakuti "madzi muli nawo?", poti aliyense amavomera. Funsani kuti mipopi ikauma, kapena magetsi a ESCOM akazima pampu n'kuima, ana amatunga kuti. Ku sukulu ya boma yankho ndi mjigo umodzi, umenenso anthu a m'midzi yoyandikana amatungapo. Werengani nokha: ndowa ya malita 20 imadzadza pa mphindi imodzi ndi theka pamjigo wabwinobwino, choncho ana 400 kuti aliyense atunge ndowa imodzi papita maola 10. N'chifukwa chake atsikana kumeneko amadzuka kusanache kukaima pamzere, ndipo mjigowo uli kunja kwa mpanda. Ino ndi Seputembala. Okutobala ndi Novembala madzi amavuta kuposa apa. Ku mishoni ali ndi chitsime chawochawo chopopa ndi sola, mathanki awiri, ndi mjigo wina mkati mwa mpanda wodalira pampu ikafa.

Zimbudzi zimatsatira madzi. Chamadzi chikasowa madzi chimaipa kuposa chokumba, ndipo ku sukulu ya boma zamadzi za atsikana zambiri tinazipeza zokhoma ndi loko, onse akuthamangira zokumba zochepa kuseri. Muyezo wa WHO womwewo umati chimbudzi chimodzi chikhale cha atsikana 25. Kumeneko sakufikapo, ndipo palibe mowotchera mapadi. Amaponya m'dzenje, dzenje n'kumadzadza msanga. Amene mukukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu Januwale 2023, mukudziwa chifukwa chake tikuchedwa pa nkhani imeneyi. Mbali ya anyamata ilipo bwino pang'ono: zimbudzi zawo zokumba n'zatsopano, ndipo pali pokodzera padera.

Kukhitchini musakhutire ndi pepala la ndondomeko ya chakudya lomata pakhoma. Ponseponse palembedwa zofanana: phala m'mawa, nsima ya nyemba ndi kabichi, mpunga ndi nyama kamodzi pasabata. Pemphani kiyi wa kositolo. Mwana akamadya ufa wokwana theka la kilogalamu patsiku, kuphatikiza phala, sukulu ya ana 400 imatha matumba anayi a makilogalamu 50 tsiku lililonse, ndipo teremu ya masabata 13 imadya matumba oposa 360. Mukawerenga matumba ali m'sitolo sabata yoyamba, mudziwa ngati sukulu inagula nthawi yokolola chimanga chikutchipa, kapena ikudikira fizi kuti izigula chapatalipatali. Yodikira fizi ndi imene imachepetsa mitanda cha mu Febuluwale, nthawi zina n'kutsekera msanga. Ku mishoni matumba asanjidwa pamathabwa, atalikirana ndi khoma, chimanga chothira mankhwala. Ku sukulu ya boma chimanga chilipo ndithu, koma titapisa dzanja m'thumba la nyemba tinatulutsa zobowokabowoka, ufa wachikasu utamatirira kuzala, anankafumbwe akuyenda pachikhatho. Ophika anati amaziviika m'madzi kuti zofumbwa ziyandame, koma fungo silichoka, ndipo ana ambiri amangotapa msuzi. Ku sukulu yapulayiveti kiyi wa kositolo sanapezeke mpaka tinanyamuka. Tinaonako mapoto amagetsi okongola, koma nkhuni zodalira magetsi akazima panalibe ngakhale mtolo.

Kuhositelo tinkawerenga mabedi, kenako zikwama ndi ndowa, chifukwa ndizo zimaulula kuti m'chipinda mumagona anthu angati. Zikwama zikachuluka kuposa mabedi, ndiye kuti ena amagona awiriawiri kapena amayala pansi, ndipo nthawi zonse amakhala a Fomu 1. Tembenuzani matiresi muone m'misoko: timadontho takuda ndi ndowe za nsikidzi. Funsani kuti anapopera liti mankhwala, ndiponso ngati anabwereza patapita masabata awiri, poti kupopera kamodzi sikupha mazira. Ku sukulu ya boma nsikidzi zilipo mbali zonse ziwiri, ndipo mazenera ena alibe magalasi, angotseka ndi makatoni. Sukuluyi ili kumtunda, kumene kuzizira kwa Juni ndi Julayi, teremu yachitatu, sikusiyana ndi kwa ku Tsangano kapena ku Bembeke. Mwana wopita kumeneko asapite ndi bulangeti limodzi.

Koma chimene chinatilemera mtima ndi usiku. Ku sukulu ya boma amatroni amakhala kunja kwa sukulu, amaweruka madzulo. Atsikana usiku amayang'anirana okhaokha ndi mapulifekiti, ndipo mpanda wa waya kuseri kwa hositelo yawo unadulidwa, pali kanjira koti anthu akhala akudutsapo. Ku mishoni amatroni amagona m'chipinda chapakhomo la hositelo, ali ndi buku lolembamo aliyense wotuluka ndi amene wabwera kudzamutenga. Ku sukulu yapulayiveti mpanda ndi wa njerwa, wautali bwino, koma hositelo amaikhoma ndi loko panja ana akalowa, mazenera onse ali ndi zitsulo, khomo ndi limodzi ndipo limatsegukira mkati. Magetsi akazima ana amawerengera makandulo pafupi ndi maneti ndi matiresi a siponji. Alonda amene amasunga kiyi amakhala kugeti. Izi zokha zikanatikwanira kuikana sukuluyi.

Za kuzunza a Fomu 1 aphunzitsi ponseponse amati zinatha. Ana a Fomu 2 ndiwo amanena zoona, poti ndi a chaka chatha chomwechi. Ku sukulu ya boma, mbali ya anyamata, kulandana chakudya chochokera kunyumba ndi kuchapitsana zovala kukadalipo, ngakhale kuti abodingimasitala amakhala pafupi ndi hositelo ndipo anaika a Fomu 1 m'chipinda chawochawo. Kuwapatula kumeneku n'kumene kwatilimbitsa mtima.

Tsopano za m'kalasi. Apa sukulu ya boma ndiyo ili patsogolo, ndipo tisabise. Ili ndi aphunzitsi a madigiri pa masamu ndi sayansi, labotale yake ili ndi mamaikulosikopu, masikelo ndi mankhwala, ndipo m'makope a ana a Fomu 3 muli zimene anayesa ndi manja awo. Izi n'zofunika chifukwa pa mayeso a Fomu 4 (MSCE) maphunziro a Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture ali ndi pepala lochita ndi manja. Vuto lake ndi lakuti masana aphunzitsi omwewo amaphunzitsanso ana a sukulu ya open, ya amene sanasankhidwe koma amalipira okha, ndiye mwana wofuna thandizo lapadera ayenera kukhala wodzikankha yekha. Ku mishoni makalasi ndi ochepa ana, mabuku a m'laibulale amabwerekedwadi, sitade ya madzulo imayang'aniridwa, koma mphunzitsi wa Physics ndi mmodzi kuyambira Fomu 1 mpaka 4. Akadwala kapena kuchoka, phunzirolo laima. Ahedi anati akufunafuna wina. Tidzafunsenso pamsonkhano wa PTA.

Sukulu yapulayiveti inatilandira ndi chikwangwani chosonyeza kuti pafupifupi onse amene analemba MSCE anakhoza. Kukhoza MSCE n'kupambana maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, limodzi mwa iwo pa kirediti. Koma kuti mwana aganiziridwe ndi NCHE, bungwe losankha ana opita ku mayunivesite a boma, kupita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena MZUNI, afunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kuti giredi 1 mpaka 6 pa lililonse, ndipo mapointi akachepa mwayi umakula. Choncho tinkafunsa manambala atatu: analowa Fomu 1 angati, gulu lomwelo analemba Fomu 4 angati, ndipo anapeza makirediti 6 angati. Ku sukulu ya boma ndi ya mishoni anatitsegulira mabuku. Ku yapulayiveti anatipatsa nambala yomaliza yokha. Ana anatiuza kuti amene sachita bwino kumapeto kwa Fomu 3 amauzidwa kubwereza kapena kukapeza malo kwina. Kukhoza kwa pachikwangwani kuja ndi kwa otsala atapeta. Nambala yawo ya senta ya MANEB ndi chiphaso cha Unduna wa Zamaphunziro anationetsa, zili bwino. Vuto si limenelo.

Theka la fizi lija nalonso lili ndi mchira. Kalata yake, mukaiwerenga mpaka pansi, ikuti mwayiwo umaunikidwanso teremu iliyonse, ndipo mwana ayenera kukhala m'gulu la otsogola m'kalasi. Akangotsika, tilipira yonse, apo ayi achoke, malo a boma atawataya kale. Mwana amene safika m'masiku olembedwa m'kalata yomuitana, malo ake amapita kwa wina pachisankho chachiwiri, ndipo sabwereranso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yunifomu, zovala za masewero ndi matiresi amagulitsa okha pasukulupo, ndipo zimenezi sizili mu theka lija.

Pa ndalama, tapereka kwa asungichuma mapepala a fizi a sukulu zonse zitatu, a chaka chino ndi a zaka ziwiri zapitazo, kuti muone mmene iliyonse imakwezera. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zonse inakwera, ndiye musawerenge fizi ya lero kuchulukitsa ndi 12 n'kuganiza kuti mwamaliza. Ku sukulu za boma ndalama ya tyushoni inachotsedwa mu 2018, koma ya chigono ndi chakudya kholo limalipirabe. Pamwamba pa fizi ikani thiransipoti maulendo 6 pachaka, kupita ndi kubwera teremu iliyonse, ulendo wa kholo pa tsiku loona ana, ndalama ya m'thumba, sopo, mapadi, ndi zimene zili pamndandanda wa katundu: ndowa, mbale ndi kapu, neti, khasu kapena chikwakwa, mapepala ndi matishu. Mishoni ndi yokwera mtengo kuposa ya boma, koma amalola kulipira kawiri pateremu ngati mwagwirizana ndi abasala, ndipo sabweza mwana pakati pa mayeso. Asungichuma ataya maso pa mabuku athu ndipo akuti atsikana awiri ku mishoni ndi mnyamata ku boma thumba likwanitsa, bola zopereka za abale akunja zisadukize. Onse atatu pa fizi yokwera silingathe.

Mishoni ili ndi vuto lake limene makolo a atsikanawa alidziwe asanavomere. Ili kuchigwa, kotentha, kwa udzudzu ngati wa ku Bwanje ndi ku Golomoti. Ana athu akulira kumtunda kumene malungo si ochuluka chotero, ndipo oterewa amadwala kwambiri teremu yachiwiri, nthawi ya dzinja. Ubwino wake chipatala cha mishoni chili pafupi, mwana angayende wapansi, ndipo amatroni amaimbira kholo tsiku lomwelo mwana akagonekedwa. Aliyense apite ndi neti yatsopano yonyikidwa m'mankhwala ndi buku lake la kuchipatala. Mafoni saloledwa, ndalama ya m'thumba imatumizidwa kwa abasala, mwana n'kumatenga pang'onopang'ono.

Mnyamatayu apite ndi mabulangeti awiri, juzi, bokosi lokhoma ndi loko, ndi chigubu cha malita 5 chosungira madzi akumwa. Matiresi agulidwe atsopano, akutidwe ndi pepala la pulasitiki, asatenge otsala m'hositelo. Amalume ake avomera kukamuona kumapeto kwa mwezi woyamba ndi kukadziwana ndi abodingimasitala.

Ahedi a sukulu ya boma ndi a mishoni avomera kusunga malo mpaka Lolemba likudzali. Tikupempha msonkhano ugamule lero, asungichuma akaike ndalama kubanki mawa pa akaunti ya sukulu imene yalembedwa m'kalata, osati m'manja mwa munthu kapena pa nambala ya foni, ndipo silipi iliyonse ijambulidwe isanapite ndi mwana. Alembi alembe makalata awiri: ina yothokoza sukulu yapulayiveti, ina yodziwitsa ahedi a sukulu ya boma kuti atsikana awiri sabwera, koma yachiwiriyi ichoke pokhapokha lisiti la ku mishoni litafika m'manja mwathu.

Zikomo, apampando.