Ana athu sadziwa kufufuza fuwa lachitatu

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinene za mwana wa mlongo wanga, ngakhale nkhaniyi si yake yekha. Mnyamatayu anakhoza bwino MSCE, anamaliza maphunziro ku Mzuni, ndipo mwezi watha anaitanidwa kukalemba mayeso olowera ntchito pakampani ina mumzinda muno wa Mzuzu. Masamu sanamuvute, Chingerezinso ayi. Chinamugwetsa ndi gawo lija amakupatsa kandime kakafupi, kenako n'kukufunsa kuti wolembayo akudalira mfundo iti imene sanaitchule. Pachingerezi mfundoyo amaitcha assumption. Atafika pakhomo anati, "Malume, yankho silinali m'ndimemo." Ndinamuuza kuti wanena zoona, ndipo n'chifukwa chake anafunsa funsolo.

Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, choncho mlandu wina ndi wanga. Tinawazoloweza ana kuti yankho lili m'manotsi, ndipo wokhoza ndi amene waloweza. Mwana wotere ukamufunsa zimene sizinalembedwe amaona ngati wamukomola.

Madzulo ake tinakhala pakhonde, mvula ikuwaza monga mwa chizolowezi chake kuno. Ndinamuonetsa pamene azakhali ake amaphikira nyemba. Munthu akafuna kuti uvomereze zimene akunena, amakhala ngati wateleka mphika. Mphikawo ndi chimene akufuna uvomereze. Mafuwa awiri akutsogolo ndi umboni umene wakuonetsa. Koma mphika sukhala pamafuwa awiri. Lachitatu lili kuseri, kuutsi, ndipo ndi limene mayeso aja akufunsa.

Ndinamupekera funso. Tiyerekeze wina akuti, "Msewu wa kwathu authira phula, choncho akabaza atsitsa mtengo." Ndinamupatsa mayankho atatu. Loyamba: akabaza achuluka mu Mzuzu. Lachiwiri: kuipa kwa msewu n'chimodzi mwa zimene zinkakweza mtengo. Lachitatu: kuipa kwa msewu n'chifukwa chokhacho chimene mtengo unakwerera. Iye analumphira loyamba, ati chifukwa n'zoona, aliyense woima pa Katoto akuona njinga zamoto zili mbwee. Chikomekome cha mkuyu! Olemba mayesowa amaika dala yankho loona koma losafunika, podziwa kuti wothamanga aligwira.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Tenga yankho lililonse, ulikane, uone ngati mphika ugwa. Kana loyamba: akabaza sanachuluke. Kodi mtengo sungatsike chifukwa cha phula? Ungatsike ndithu, mphika uli chikhalire. Kana lachiwiri: kuipa kwa msewu sikunkakweza mtengo n'komwe, ankakweza ndi mafuta basi. Apa nyemba zatayika, chifukwa phula silitsitsa mtengo wa mafuta. Fuwa lake ndi limenelo.

Yankho lachitatu ndi limene linatichedwetsa mpaka tiyi kuzizira. Iye ankati likufanana ndi lachiwiri, ndiponso ndi lamphamvu kuposa. Ndinati alikane. Anati, "Pali zifukwa zinanso kupatula msewu." Ndinafunsa ngati zimenezo zikugwetsa mphika. Anakhala chete, kenako anati ayi, chifukwa ngakhale zifukwa zili zisanu, kuchotsapo chimodzi kungatsitsebe mtengo. Mawu ngati "chokhacho", "onse" ndi "nthawi zonse" amanena zambiri kuposa zimene wolembayo akusowa, ndiye ukawaona uyambe wakayika. Si kuti nthawi zonse ndi olakwa (taonani, nanenso ndapewa kugwera m'mbuna yomweyo), koma fuwa lobisika kawirikawiri limakhala kamfundo kofatsa.

Chimene chimandipweteka, a Mkonzi, n'chakuti luso limeneli si lachilendo. Ndili mnyamata ndinamvera mlandu pabwalo la mfumu. Bambo wina anati mbuzi yake yasowa, ndipo kunyumba kwa mnansi wake kunanunkhira nyama usiku womwewo. Nduna ina yokalamba, yosadziwa n'kulemba dzina lake lomwe, inangofunsa kuti, "Kodi nyama imene imanunkha ndi ya mbuzi yokha? Nanga pamsika anasiya kugulitsa?" Mlandu unathera pomwepo. Gogo ameneyo akanakhoza gawo limene lagwetsa mwana wa digiri. Ofuna kukaphunzira kunja amakumana ndi mafunso omwewa pa GMAT ndi LSAT, mayeso olowera m'mayunivesite ena akunja, n'kumalipira ndalama zambiri kuti wina awaphunzitse zimene agogo awo ankachita pansi pa mtengo.

Ndipo si za mayeso zokha. Uthenga wa pa WhatsApp umati wina anamwa mankhwala akutiakuti ndipo anachira, ife n'kutumiza kwa abale osafunsa ngati sakanachira yekha. Pamisonkhano ya chisankho cha 2025 tinaomba m'manja kangati mphika uli pamafuwa awiri?

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga a Fomu 3 ndi 4, makamaka a Chingerezi ndi Chichewa, komanso oyang'anira makalabu a mtsutso. Sindikupempha phunziro latsopano, silabasi ndi yodzaza kale. Mphindi khumi pa sabata zikwana. Dulani kalata ngati inoyi kapena uthenga wa malonda, ana apeze chimene wolemba akufuna avomereze, apeze umboni wake, kenako afufuze chimene sanachinene ndipo achikane. Ayambe m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, Chingerezi chibwere pambuyo. A MANEB nawonso ataikako funso limodzi lotere, aphunzitsi sangalizembe.

Mnyamata uja waitanidwanso kwina mwezi wamawa. M'mawa uno ndinamuuza kuti ku Kaning'ina mitambo yada, atenge ambulera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Malume, mukudalira zoti ndituluka lero." Ndinamutuma kumsika.

Mphunzitsi wopuma,
Chiputula, Mzuzu