Pempho la aphungu silokwanira kulemba Russia pa mndandanda wa uchigawenga

A Mkonzi,

Tiloleni tiwongole nkhani imene ikumveka kuno ku Chipata, yakuti Russia inalembedwa pa mndandanda wa boma la America wa maiko othandiza zigawenga chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine. Mu July 2022 aphungu a Senate ku America anagwirizana kuti ilembedwe, ndipo pa 23 November chaka chomwecho aphungu 494 a European Parliament, nyumba ya malamulo ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, anavomereza mawu ofanana nawo. Aphunguwo anangopempha. Ku America wolemba dziko ndi nduna yoona za kunja, ndipo Joe Biden, yemwe anali pulezidenti panthawiyo, anakana mu September 2022, boma lake likuopa kuti malonda a chakudya angasokonekere.

Mantha amenewo ali ndi maziko. Dziko likalembedwa, America imasiya kuligulitsa zida, imadula thandizo, imatsutsa ngongole zake ku World Bank, ndipo ovulazidwa ndi zigawenga angathe kulisumira m'makhoti a ku America. Koma ife zimatipeza kudzera ku mabanki. Madola amene banki ya ku Lusaka imalipira kunja kawirikawiri amadutsa ku New York, ndipo mabanki amakumbukira BNP Paribas, banki ya ku France yomwe mu 2014 inalipira America chindapusa cha madola pafupifupi 9 biliyoni chifukwa choyendetsa ndalama za Sudan, Iran ndi Cuba, maiko amene panthawiyo anali pa mndandandawu. Choncho amakana ngakhale malonda ololedwa. Russia ili pakati pa maiko ogulitsa feteleza wambiri padziko lonse. Ngakhale lamulo litapatula feteleza, ndalama ikaima ku banki, a inshuwalansi nawo n'kukana sitima, urea amafika ku Katete chimanga chitapitirira m'mawondo, masamba ayamba kale chikasu. Kuthira pamenepo n'kutaya ndalama, ndipo zimatipweteka kuona mlimi akulipira nkhondo imene sanaiyambe.

Kuchoka pa mndandandawu n'kovutanso. Sudan inalembedwa mu 1993 n'kuchotsedwa mu December 2020, itavomera kulipira madola 335 miliyoni, ambiri mwa iwo kwa okhudzidwa ndi mabomba a 1998 ku Nairobi ndi Dar es Salaam.

Sitikuikira kumbuyo nkhondo ya ku Ukraine. Tikupempha unduna wa zaulimi kuti feteleza wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi, azigulidwa kumaiko angapo, azifika m'madepoti pofika September, ndiponso kuti fakitale ya Nitrogen Chemicals ku Kafue ilimbikitsidwe, aphungu a ku Washington asanaibweretsenso nkhaniyi.

Ife owerenga anu,
Chipata