Kalata yochokera m'mbali mwa njanji ya malasha

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nottingham. Kuno ku Neno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latiwamba ngati mbewa. Mayi a kunyumba akuti ndikuuzeni kuti mafuta opaka miyendo aja anafika, ndipo akuthokoza kwambiri.

Ndachedwa kuyankha uthenga wanu wa pa WhatsApp uja chifukwa nkhani yake si yoyankha ndi chala chimodzi pafoni. Ndati ndikhale pansi ndilembe monga tinkachitira tili ku sekondale. Munanditumizira chithunzi cha zinsanja za fakitale ya magetsi a malasha ya ku Ratcliffe-on-Soar, n'kunena kuti kuyambira pa 30 Sepitembala 2024 dziko la Britain linaleka kupanga magetsi ndi malasha patatha zaka 142, ndipo inu mwa chisangalalo munalemba kuti dziko lapansi latsanzikana nawo malasha. Ndinaseka ndekha, achimwene. Nthawi imene ndimawerenga mawu amenewo, mazenera a nyumba yanga anali kunjenjemera chifukwa sitima ya malasha imadutsa. Imachokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kulowera ku doko la Nacala, ulendo wa makilomita 912, ndipo imadula dziko lathu pakati ngati mpeni pa chinangwa. Mabogi ake amaposa 100. Adzukulu anga amayamba kuwerenga, koma akafika pakati amasokonezeka n'kuyamba kukangana. Usiku umenewo magetsi anali atazima, mayi akuphika nsima pa mbaula. Malasha amatidutsa pakhomo usana ndi usiku, ife n'kumapemerera makala.

Mukukumbukira mwana wa achemwali anga uja, amene ankakunyamulirani chikwama pa siteji ya Zalewa? Nthawi imene ankamanga njanjiyi, iye anapeza ntchito kwa kontirakita wina wamng'ono, yoyendetsa galimoto yotuta miyala. Zaka zimenezo anali munthu. Anafolera nyumba ndi malata, anagula njinga yamoto, analipirira mlongo wake fizi mpaka Fomu 4. Ndiye munthu wina asadzandiuze kuti ntchito za malasha n'zabodza, ine ndinadya nawo nyama yogulidwa ndi ndalama zimenezo. Koma njanji itatha, ntchito nayo inathera pomwepo. Lero njinga ija ndi imene ikumudyetsa, ali pa kabaza. Sitima ikamadutsa amaima ndi makasitomala ake kudikira kuti awoloke, ndipo amati akudikira kuti ntchito yake yakale ithe kudutsa.

Izi zimandikumbutsa abambo athu ndi Wenela. Masiku amenewo mgodi unkameza anthu masauzande, chifukwa chilichonse chinkafuna dzanja ndi msana. Anthu ankabwera ku Joni ndi wailesi, njinga ya kapalasa, jekete, ena n'chifuwa chosamva mankhwala. Mgodi wa lero ndi wina. Ku Moatize sakumba ngalande zolowa pansi, amasenda nthaka pamwamba ndi zimakina, ndipo chigalimoto chimodzi chimanyamula zimene mudzi wathu wonse sungasenze mwezi wathunthu. Andale akamati mgodi ubweretsa ntchito, anthu akuluakulu m'mutu mwawo mumabwera chithunzi cha Wenela, pomwe kampani ikufuna madalaivala ndi mainjiniya owerengeka okhala ndi mapepala.

Pali china chimene ndikufuna muchimve bwino, chifukwa ndi chimene chinandiseketsa pa uthenga wanu. Kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011. Isanayambe, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri n'kukawaika ku Cateme, kutali ndi msika ndi madimba awo. Mu Januwale 2012 anthu amenewo anatseka njanji podandaula za nthaka yosabereka ndi nyumba zong'ambika. Ena mwa iwo amalankhula chilankhulo chimene inu ndi ine tingamve popanda womasulira. Kenaka mu 2021 Vale inalengeza kuti ikuchoka mu bizinesi ya malasha, ndipo pa zifukwa zake inatchulapo kusamala za nyengo. Kodi mgodi unatsekedwa? Ayi ndithu. Anaugulitsa pamodzi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan, ya eni ake a ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni. Wogulitsa anasamba m'manja, mabuku ake anayera, koma dzenje likukumbidwabe ndipo sitima sinaphonyepo tsiku pakhomo panga. Zili ngati munthu amene walapa kutchalitchi kuti wasiya kutcheza kachasu, chonsecho mbiya ndi mpopi wagulitsa kwa mnansi wake wa kuseri kwa mpanda. Ena mwa malasha amenewa ndi osungunulira chitsulo, ndipo sindingadabwe ngati zitsulo zina zopangidwa nawo zimafika m'masitolo a kwanuko.

Ndalama za m'migodimu nazo zimachita ngati za njuga. Kampani ya migodi ya Rio Tinto inalowa ku Tete komweko mu 2011 ndi madola pafupifupi 4 biliyoni, n'kudzatuluka mu 2014 itagulitsa pa madola 50 miliyoni okha. Ngati akatakwe oterowo amapsa zala chonchi, nanga mnyamata wa ku Ligowe amene wayika moyo wake wonse pa malipiro a mgodi?

Tsopano za boma lathu. Mu 2021 Malawi inalonjeza pansi pa pangano la za nyengo la ku Paris kuti pofika 2040 idzachepetsa utsi wowononga nyengo ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira tikanangolekerera. Koma mukawerenga bwino, 6 peresenti yokha ndi imene tinati tidzachita patokha. Ina 45 yotsalayo ikudikira thandizo la kunja. Nthawi yomweyo, kuno kwathu takhala tikumva kwa zaka zoposa khumi za fakitale ya magetsi a malasha ya pa Kam'mwamba, ya mamegawati 300, yoti izidzatapa malasha a ku Moatize pa njanji yomweyi. Ndalama zake zinkayembekezeka kuchokera ku China, koma mu Sepitembala 2021 mtsogoleri wa China Xi Jinping anauza msonkhano wa United Nations kuti dziko lake lasiya kumanga mafakitale atsopano a malasha kunja. Chikhalirecho nkhani ya Kam'mwamba imafa n'kudzuka ngati chitedze. Anyamata ena amabwera kwa ine, poti ndine mphunzitsi wawo wakale, kuti ndiwalembere makalata ofunsira ntchito pa fakitale imene ngakhale njerwa imodzi sinaikidwe. Ndimawalembera, ndiwauze chiyani? Ku misonkhano ya kunja timavala suti n'kulonjeza mpweya wabwino, pa msonkhano wa pansi pa mtengo timalonjeza malasha ndi ntchito. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene akuvumbwa ndi anyamata anga aja.

Ndisakunamizeni, ineyo mtima wanga unagawikana. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti akonze. M'miyezi imeneyo ndinaona owotcherera zitsulo pa Zalewa akusewera bawo masanasana, zigayo zili zii, ometa tsitsi abwerera ku lumo. Munthu akanandipatsa pepala loti ndisaine kuti Kam'mwamba amangidwe mawa lomwe, ndikanasaina osawerenga. Pafupifupi magetsi athu onse tinawapachika pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo mtsinje ukakwiya tonse timagona mumdima. Ndinkadzifunsanso kuti utsi wathu ndi wochuluka bwanji, ife amene nyumba zambiri zilibe ndi babu lomwe, poyerekeza ndi wa kwanuko kumene mwawotcha malasha zaka 142 mpaka kulemera nawo? Wakhuta ndi amene amalalikira za kusala kudya.

Koma patangotha chaka kunabwera Freddy, mu Malichi 2023, ndipo inu mukudziwa zimene zinachitika ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anapita, ena mitembo yawo sinapezeke. Ndiye ndikamanena kuti utsi si wathu, madzi sanafunse kuti utsi ndi wa yani. Ndipo amene anagumula Kapichira ndi nyengo yomweyo imene malasha akuipsetsa mtima. Apa ndi pamene ndimakhala chete, achimwene, chifukwa mankhwala amene ndimafuna ndi amene akukulitsa matenda.

Komabe mgodi weniweni wa kuno kwathu suli pa njanji. Uli m'mapiri a Neno ndi Mwanza, kumene mitengo ya tsanya ndi masuku ikusanduka matumba a makala opita ku Blantyre. Amenewo ndiye malasha a amphawi, ndipo alemba ntchito anthu ambiri kuposa mgodi uliwonse m'dziko muno, kuphatikizapo wa Mchenga ku Rumphi. Wowotcha makala amathamangitsidwa, njinga yake kulandidwa, pomwe sitima yodzaza malasha imaimbiridwa mluzu kuti idutse mwaulemu. Sindikuikira kumbuyo odula mitengo, phiri la kwathu lameta mpala ndikuona. Koma bambo ameneyo mukamuuza kuti asiye, amakufunsani funso limodzi lokha, loti madzulo ano ana adya chiyani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funso lomwelo ndi limene wa mumgodi amafunsa, ndipo sindinamvepo nduna ya dziko lililonse ikuliyankha ndi tsiku komanso ndalama zake.

Ndamva kuti kwanuko nako nkhaniyi inavuta. Boma linavomereza mgodi watsopano ku Whitehaven mu Disembala 2022, anthu akuyembekezera ntchito pafupifupi 500, kenaka khoti linadzafafaniza chilolezocho mu Sepitembala 2024. Ku South Africa analonjezedwa madola 8.5 biliyoni pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021 kuti asiye malasha pang'onopang'ono, anatseka fakitale ya magetsi a malasha ya Komati mu 2022, ndipo America inadzatuluka m'panganolo mu 2025. Ngati a ku Mpumalanga, chigawo cha migodi ya malasha cha ku South Africa, amene ali ndi mabungwe amphamvu a apantchito, akulira chonchi, ife amene 45 peresenti yathu ili m'thumba la munthu wina tiyembekezere chiyani?

Ine ndikanakonda atiuze chilungamo basi. Ngati Kam'mwamba kulibe, anene, anyamata asiye kutha mapepala. Ngati tsogolo ndi magetsi a dzuwa ngati aja a mamegawati 60 a ku Salima, kapena damu la Mpatamanga limene akuti limangidwa kumunsi kwathuku, atiuzenso kuti akamaliza kumanga padzatsala anthu angati pa ntchito, chifukwa mapanelo safuna antchito ambiri kuposa opukuta fumbi ndi alonda. Phindu lenileni lili kwa wowotcherera, wa chigayo ndi wa mthirira amene magetsiwo angawafikire pa mtengo woti angakwanitse.

Ndili ndi pempho. Munandiuza kuti kunyumba yosamalira okalamba kumene mukugwira ntchito kuli agogo ena amene anali a mumgodi, aja ananyanyala ntchito mu 1984. Tsiku lina mukamawapatsa tiyi, muwafunse kuti migodi itatsekedwa iwo ndi anzawo analowera kuti, ndipo midzi yawo inatenga zaka zingati kuti idzuke. Mundilembere zimene anene, osachotsa kapena kuwonjezera. Ndikufuna ndikawawerengere anyamata aja.

Manachesi a chaka chino anabereka pang'ono, koma ndakusungirani uchi wa ku Dambe ngati mubweredi pa Khirisimasi. Moni kwa alamu ndi ana. Ndilekere pano, batire la tochi layamba kufooka, ndipo ndikumva ina ikulira kuchokera chakumadzulo.

Ine mnzanu wa pa benchi imodzi.